Kalata kwa oyang'anira njira zam'mbali mwa nyanja ndi zam'tchire, komanso kwa atsogoleri a magulu oyenda

Akuluakulu nonse,

Ndikulemba mmalo mwa ife amene imvi zinatimera kale koma timadzukabe mmamawa, kumanga nsapato, kuberekera kachikwama nkukakumana ndi anzathu kuti tiyende tsiku lonse mmbali mwa nyanja yamchere kapena mtchire, nkubwerera kunyumba dzuwa lisanalowe. Kalatayi ikupita kwa inu amene mumasamala njirazi, a zamapaki, a makhonsolo ndi onse amene mumakhoma zikwangwani ndi kukonza masitepe, komanso kwa inu malida a magulupu amene mumatikonzera maulendo, ambiri a inu mumagwira ntchitoyi ulele ndipo timayamika kwambiri, zimenezo ndinene poyambirira. Pempho langa ndi limodzi ngakhale ndiliyankhula mozungulira: mutiuze zoona zake za njira tisanaiyambe, ndipo ulendo muziuyeza ndi mwendo wa munthu amene ali kumbuyo kwenikweni.

Ndiyambe ndi chikwangwani chija chapoyambira njira chimene chimati "maola awiri". Maola awiri a ndani? Anthu ambiri sadziwa kuti kawerengedwe ka nthawi kamene kanafala mmabuku ndi mmapu a oyenda kanachokera kwa William Naismith, munthu wokwera mapiri wa ku Scotland, amene mu 1892 ananena kuti ola limodzi munthu amayenda makilomita pafupifupi 5 ndipo muwonjezere ola lina pa mamita 600 alionse okwera. Kawerengedwe kabwino ndithu, koma bamboyu anali wazaka za mma 30, wamphamvu zake, wozolowera mapiri, ndipo lamulo lakelo silimawerengera kupuma, silimawerengera kudya, silimawerengera mchenga, silimawerengera kuti gulupu ya anthu khumi ndi asanu ikafika pamalo opapatiza imadutsa mmodzimmodzi. Ndiye munthu wazaka 74 akawerenga maola awiri iye amakhulupirira, amatenga madzi a maola awiri, amauza ana kunyumba kuti ndifika masana, mankhwala amadzulo amawasiya pathebulo. Ulendo ukatenga maola anayi mavuto onse amayambira pamenepo, madzi atha, dzuwa lafika paliwombo, miyendo yayamba kunjenjemera ndipo munthu wotopa ndi amene amapunthwa.

Sindikuti muchotse nambala yanuyo ayi, achinyamata aziigwiritsa ntchito. Ikani ziwiri basi, ya woyenda mwachangu ndi ya woyenda modekha wopuma pafupipafupi, ndipo yachiwiriyo musaiwerengere pa kompyuta muofesi, mukayende ndi anthu achikulire enieni wotchi ili pamkono.

Komanso makilomita okha sanena kanthu kwa ife. Makilomita 8 a njira yosalala ndi makilomita 8 a masitepe ndi zinthu ziwiri zosiyaniranatu. Chimene ife timafuna kudziwa ndi chakuti masitepe alipo angati komanso ndi aatali bwanji, ali ndi chogwirira kapena ayi, ndipo makamaka kutsetsereka kuli pati, chifukwa achinyamata amaopa chitunda pomwe ife timaopa kutsika. Pokwera umangopuma wefuwefu nkuima pang'ono mtima nkukhazikika, koma potsika thupi lonse limatsamira pa bondo limodzi sitepe iliyonse, ndipo ngati bondolo lili ndi nyamakazi kapena munthu anachitidwa opaleshoni ya chiuno, kutsetsereka kwa mamita 200 kungathe kumugoneka sabata yathunthu. Mchenga nawonso anthu amaupeputsa poti ndi pamalo athyathyathya. Kuyenda pa mchenga wouma wofewa kumadya mphamvu kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi pamalo olimba, phazi limatitimira ndipo akakolo amagwira ntchito yosazolowera, ndiye mukamalemba kuti njirayi ndi yosavuta chifukwa ilibe phiri pomwe theka lake ndi mchenga wofewa wopanda mthunzi, mwatinamiza musakudziwa.

Ku Australia ali ndi njira yoikira magiredi pa tinjira toyenda, kuyambira giredi 1 mpaka 5. Giredi 1 ndi yosalala yopanda masitepe yoti ngakhale wa njinga ya olumala akhoza kudutsa pothandizidwa, giredi 3 imakhala ndi zitunda zazifupi ndi masitepe ambiri, giredi 5 ndi ya akatswiri odziwa kuwerenga mapu pamene palibe zizindikiro. Chimene chimandisangalatsa pamenepo ndichoti giredi imabwera ndi tsatanetsatane, mtunda, kupendekeka, mmene pansi palili, masitepe, nthawi. Ndikanakonda aliyense wosamala njira akanachita zofanana nazo, koma nkuwonjezerapo zinthu zimene munthu wachikulire amachita manyazi kufunsa pagulu. Chimbudzi chili pati? Ndikunena mosabisa chifukwa nkhani imeneyi ndi imene yasiyitsa anthu ambiri kuyenda kuposa mawondo. Abambo ambiri achikulire ali ndi vuto la prostate limene limawachititsa kukodza pafupipafupi, amayi ambiri chikhodzodzo sichigwiranso ngati kale, ena akumwa mapilisi a BP okodzetsa, ndiye akadziwa kuti kulibe chimbudzi maola asanu amachita chinthu choopsa kwambiri, amasiya dala kumwa madzi kuyambira mmawa, kapena amadumpha mankhwala tsiku limenelo. Ena amangoti ine sindibweranso osanena chifukwa. Mmbali mwa nyanja nthawi zambiri mulibe ngakhale chitsamba chobisalapo, pali mbee. Ngati simungathe kumanga chimbudzi chabwino, bola lembani pachikwangwani kuti chomaliza ndi ichi ndipo china chili pa makilomita akutiakuti, munthu azikonzekera yekha.

Chinanso chofunika kulemba ndi potulukira. Njira yabwino kwa gulu la achikulire ndi imene ili ndi malo awiri atatu pamene wina akatopa angathe kupatuka nkufika pamsewu pomwe galimoto ingamutenge. Malo amenewa aoneke pa mapu ndipo akhale ndi dzina kapena nambala pa mtengo wachizindikiro, kuti tikaimba foni yofuna thandizo tisamati tili pafupi ndi mwala waukulu, poti miyala ikuluikulu ndi yosawerengeka.

Tsopano nkhani ya madzi a m'nyanja, imene ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa apa ndi pamene munthu angataye moyo. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa, mmalo ambiri kawiri patsiku, ndipo kuchoka pa kudzaza kwina kufika pa kwinako pamadutsa maola pafupifupi 12 ndi mphindi 25. Izi zikutanthauza kuti nthawi imasuntha ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse, ndiye lida amene anakayendera njira Loweruka lapitalo nkupeza gombe lili poyera 10 koloko mmawa, akabwera ndi gulu Loweruka linalo nthawi yomweyo akhoza kupeza madzi ali mkhosi. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa kumene madzi amakwera kwambiri kuposa masiku ena. Ndipo sakwera mofanana ola lililonse, oyenda panyanja amadziwa kuti nyanja ikayamba kudzaza, ola loyamba madzi amabwera pang'ono, koma pa ola lachitatu ndi lachinayi ndi pamene pamabwera pafupifupi theka la madzi onse, ndiye munthu amayang'ana nkumati aaa akadali kutali, kenako mwadzidzidzi mwala umene amati azungulire wamira. Pamalo athyathyathya madzi sabwera kutsogolo kokha, amayamba adzaza timakwawa takumbuyo kwako nkukutsekera njira yobwerera. Ku Morecambe Bay ku England mu February 2004 anthu oposa 20 amene ankatola nkhono za m'nyanja anamira chifukwa madzi anawatsekereza usiku, ndipo ambiri anali anthu a misinkhu yogwira ntchito, amphamvu zawo. Nanga gulu la anthu amene sangathamange, ena ali ndi ndodo ziwiri, lingatani?

Wachinyamata madzi akamutsekera amakwera thanthwe kapena kuthamanga nkudutsa. Ife zimenezo sitingathe, ndiye kwa ife mpata uyenera kukhala waukulu. Pempho langa kwa oyang'anira ndilakuti pamalo aliwonse pamene njira imadutsa pansi pa thanthwe kapena kuwoloka pakamwa pa mtsinje, pakhale chikwangwani mbali zonse ziwiri chonena momveka kuti pano pamadutsika maola angati madzi asanadzaze komanso atayamba kuphwa, ndiponso njira yamtunda yolambalala ili kuti. Kulemba kuti "chenjerani ndi madzi" sikuthandiza munthu, aliyense amadziwa kuti madzi ndi oopsa, chimene sakudziwa ndi nthawi. Kwa malida, chonde ndandanda ya nthawi za madzi muziiona ya tsiku lomwelo komanso ya doko loyandikira, ndipo muziwerengera pa nthawi imene munthu womaliza adzadutse pamalopo. Pajatu miyala imene madzi angoisiya kumene imakhala ndi ndere zoterera, gulu limayenda pang'onopang'ono kuposa mmene mumaganizira.

Pamwamba pa maphompho napo pali nkhani yake, mafunde amakumba kunsi pomwe pamwamba udzu ukuoneka bwinobwino, ndiye njira ikasendera kumphepete chifukwa cha kugumuka musadikire kuti chaka cha bajeti chifike, isunthireni mkati ngakhale ndi zingwe ndi zikhomo chabe. Mphepo yamphamvu ikawomba munthu amene sakhazikika bwino pa miyendo yake amafunika malo okwanira oti adzandire osagwa.

Ndibwere kwa inu malida athu. Pali chizolowezi chimodzi chimene chimandipweteka mtima ndipo ndachiona mmagulu osiyanasiyana. Akutsogolo amafika pamthunzi, amakhala pansi, amamwa madzi, amacheza, ndiye womaliza uja akangotulukira ali thukuta kamukamu, iwo amanyamuka nkuti tiyeni tonse tafika. Amene amafunika kupuma kwambiri ndi amene sapuma nkomwe. Ndipo munthuyo sadandaula, amamwetulira nkumati ndili bwino, chifukwa palibe wamkulu amene amafuna kuoneka ngati katundu kwa anzake. Amadzikakamiza, amafulumira pamalo oyenera kudekha, ndipo sabata yotsatira dzina lake silioneka pa listi. Kupuma kuziyamba kuwerengedwa womaliza akafika ndi kukhala pansi, mphindi zisanu kapena khumi zathunthu. Kumbuyo kuzikhala munthu wosankhidwa, wamphamvu, wodziwa njira, wokhala ndi wezulo ndi bokosi la first aid, amene ntchito yake ndi yoti pasakhale wina kumbuyo kwake ngakhale mmodzi. Pamphambano iliyonse akutsogolo aziima mpaka aone wotsekera kumbuyoyo ndi maso. Muziwerenga anthu ponyamuka paliponse pamene mwapuma, mokweza, musamangoti tikuoneka ngati takwana.

Gulu likakula kwambiri ligaweni pawiri, la changu ndi la modekha, lililonse ndi lida wake, nkukakumana pamalo odyera. Koma chonde la modekhalo musalipatse njira yonyozeka yongozungulira pamalo oimika magalimoto. Nawonso anabwera kudzaona nyanja ili pansi pawo, kudzamva fungo la tchire mvula itangokata, kudzaima nkumvetsera mbalame. Ambiri mwa anthu oyenda modekha ndi amene amadziwa mayina a mitengo ndi mbalame, ndipo ulendo umakoma ukakhala nawo.

Za umoyo ndinene mosamala chifukwa sindine dokotala, koma pali zinthu zodziwika bwino zimene lida aliyense ayenera kuzidziwa. Munthu akamakula ludzu silimveka msanga ngati kale, thupi limatha kuuma iye osamva kalikonse, ndipo thukuta silituluka mokwanira kuziziritsa thupi. Mankhwala ena a mtima ndi a BP amawonjezera vutoli. Ndiye musadikire kuti wina apemphe, muziima nkunena kuti aliyense amwe madzi tsopano. Mmbali mwa nyanja kamphepo kamanamiza, umamva kuzizira pomwe dzuwa likukuwotcha kuchokera kumwamba komanso kunyezimira kuchokera pamchenga ndi pamadzi. Mtchire mwa zitsamba zazifupi ndiye mphepo siyenda nkomwe, kutentha kumangokhazikika. Munthu akayamba kuyankhula zosagwirizana, kudzandira, kukwiya popanda chifukwa kapena kusokonezeka mutu kukutentha, musamati ndi ukalamba, muikeni pamthunzi, muthireni madzi, muitane thandizo msanga. Wa shuga amene amabaya insulin shuga wake akhoza kutsika kwambiri akayenda nthawi yaitali, pazikhala kanthu kotsekemera pafupi. Amene akumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin akagwa nkumenyetsa mutu ayenera kukaonedwa kuchipatala ngakhale adzuke nkumaseka, chifukwa magazi amatha kumatuluka mkati mwa mutu pang'onopang'ono.

Ndiye mungadziwe bwanji zonsezi popanda kuchititsa munthu manyazi? Ena amabwera ndi mafomu a masamba anayi ofunsa matenda onse pamaso pa gulu, anthu amangochonga ayi ayi ayi kuti athane nazo. Njira yosavuta ndiyoti aliyense azilemba kakhadi kake, dzina, matenda, mankhwala, nambala ya wachibale, nkukaika mkathumba kapamwamba ka chikwama chake, gulu lonse nkugwirizana kuti kamatsegulidwa pokhapokha pakagwa zadzidzidzi. Chinsinsi cha munthu chasungika ndipo a ambulansi akafika apeza zonse.

Tsopano ndifike pa chimene chandipangitsa kulemba kalatayi. Ngozi ikachitika, kapena a inshuwalansi akangokweza mawu, yankho limene limabwera msanga ndi lotseka. Kuika malire a zaka, kufuna kalata ya dokotala pa kaulendo ka makilomita 6, kuchotsa maulendo onse amtchire nkusiya oyenda pa simenti okhaokha. Ndikumvetsa mantha anu, palibe amene amafuna kukagogoda pakhomo la munthu ndi uthenga woipa. Ndipo kugwa ndi nkhani yaikulu ndithu, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse padziko lonse chifukwa cha kugwa, ndipo ochuluka mwa iwo ndi opitirira zaka 60. Koma bungwe lomwelo mu malangizo ake a 2020 linati anthu a zaka 65 kupita mtsogolo azichita zolimbitsa thupi mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndiponso masiku atatu kapena kuposa pa sabata azichita zolimbitsa minofu ndi zothandiza kukhazikika bwino pa miyendo, cholinga chake kupewa kugwa komweko. Mwendo umene sukuyenda umafooka msanga, ndipo phazi limene lazolowera pansi posalala pokha limaiwala kudzikonza likaponda pa muzu kapena pamwala. Mukatiletsa kuyenda mtchire ngoziyo simunaichotse, mwangoisamutsira kubafa ndi pamasitepe a kunyumba kumene munthu amagwa ali yekha popanda womudzutsa.

Zaka sizinena zoona za mphamvu za munthu. Alipo a zaka 80 amene amakwera chitunda akucheza pomwe wa zaka 55 ali wefuwefu. Ngati mukufuna muyezo, yesani zimene munthu angathe, watsopano aliyense ayambe ndi ulendo wofupika kaya ali ndi zaka zingati, lida amuone mmene akuyendera, kenako azikwera pang'onopang'ono. Zimenezo ndi chilungamo ndipo palibe angakhumudwe nazo.

Palinso china chimene sichioneka pa fomu iliyonse. Anthu ambiri amene amabwera ku maulendowa anaferedwa amuna kapena akazi awo, ana ali kutali, anapuma pantchito ndipo foni siiliranso ngati kale. Kwa ena tsiku la ulendo ndi tsiku lokhalo pa sabata limene amayankhula ndi munthu maso ndi maso kwa nthawi yaitali. Mu 2023 WHO inakhazikitsa komishoni yapadera yoona za kusungulumwa chifukwa zinaoneka kuti ndi vuto la umoyo lenileni, logwirizana ndi matenda a mtima, sitiroko komanso kuiwalaiwala. Poyenda anthu amamasuka, mumayenda moyandikana maso ali kutsogolo ndipo nkhani zimene munthu sakanazinena atakhala pampando zimatuluka zokha. Akuluakulu anati kuyenda awiri si mantha, ndipo ife tikuchitira umboni, gulu limatiteteza panjira komanso limatidzutsa pabedi tsiku limene mtima sukufuna. Wina akajomba kawiri anzake amamuimbira kufunsa kuti kwagwanji. Mukathetsa ulendo umodzi chifukwa cha mantha dziwani kuti mwathetsanso zimenezi.

Zimene tikupempha pa njira zenizenizo si zodula kwambiri. Benchi pamwamba pa chitunda chilichonse chachikulu, yokhala ndi potsamira msana ndi pogwira podzuka, yotalika bwino chifukwa benchi yotsika kwambiri kukhalapo nkosavuta koma kudzukapo ndi nkhondo. Ikhale pamthunzi ngati mthunzi ulipo. Masitepe akhale ofanana kutalika, poti sitepe imodzi yosiyana ndi anzake ndi imene imagwetsa anthu, makamaka ovala magalasi a mbali ziwiri aja amene akayang'ana pansi zinthu zimaoneka mwachimbuuzi. Chogwirira mbali imodzi pamalo otsetsereka kwambiri. Milatho yamatabwa ikhomedwe waya kapena china choletsa kuterera chifukwa thabwa lonyowa la mmbali mwa nyanja ndi loopsa. Kumene kuli mipanda ya ziweto, mmalo mwa timakwerero todumphira tija ikani timageti. Ku Lake District ku England anachita zimenezi pa njira zambiri pansi pa pulogalamu yotchedwa Miles without Stiles ndipo anthu a ndodo, a njinga za olumala ndi a ana aang'ono onse anapindula limodzi.

Koma musapitirirenso muyezo nkuthira konkire paliponse. Sitikufuna msewu, tinabwera kudzaponda dothi, ndipo konkire imapweteka mawondo ndi mapazi kuposa njira yadothi yosamalidwa bwino. Konzani malo ochepa oopsawo, kwinako kusiyeni mmene kulili.

Mtchire nkhani yaikulu ndi moto ndi kulumikizana. Ozimitsa moto amaphunzitsa kuti moto umathamanga kwambiri pokwera phiri, liwiro lake limawirikiza kawiri pa kupendekeka kwa madigiri 10 alionse, ndiye palibe gulu la achikulire limene lingauthawe. Tsiku lotentha, louma, lamphepo, ulendo uzilephereka basi popanda kukambirana, ndipo lida amene walepheretsa ulendo asamanyozedwe ndi aliyense. Inu oyang'anira mukatseka njira kapena mukamatentha tchire mwadala, uthenga uzifika usiku wake, osati tidzaupeze pageti titayenda kale ulendo wautali. Ndipo uthengawo usamangokhala pa app. Ambiri a ife mafoni tili nawo ndipo timagwiritsa ntchito, koma si onse, zala zina zimanjenjemera, maso ena saona timalemba tating'ono padzuwa, batire imatha, ndipo mkati mwa zigwa netiweki kulibe. QR code, kachizindikiro kojambula ndi foni kuti ikutsegulireni uthenga pa intaneti, pa chikwangwani pamalo opanda netiweki ndi yopanda ntchito. Pakhale nambala yoimba yoyankhidwa ndi munthu, mapu apepala a malemba akuluakulu, ndi kulembetsa kumene sikufuna imelo ndi pasiwedi.

Gulu lililonse lolowa kumalo opanda netiweki lizinyamula kachipangizo koitanira thandizo kudzera pa satelayiti, kaja amati PLB. Kamatumiza chizindikiro pa 406 MHz ku dongosolo la Cospas-Sarsat limene lakhala likupulumutsa anthu kuyambira 1982, ndipo sikadalira kampani ya foni. Magulu ang'onoang'ono ambiri sangakwanitse kugula, ndiye maofesi a mapaki akanamabwereketsa kapena kuchititsa hayala motchipa, bola kalembetsedwe moyenera kuti opulumutsa adziwe akufuna ndani. Maphunziro a first aid kwa malida odzipereka nawonso muwathandize, aziwabwereza pakapita nthawi, kuti wina akalumidwa ndi njoka pasapezeke wotenga lezala kapena woyamwa bala kapena womanga chingwe mothinitsa, zinthu zimene zimawonjezera vuto, koma munthu agonekedwe osayendayenda thandizo nkuitanidwa. Nkhupakupa nazo tizikumbutsana kudzifufuza tikafika kunyumba.

Za mayendedwe ndingonena mwachidule. Njira zambiri zam'mbali mwa nyanja zimayambira kwina nkuthera kwina, ndipo achikulire ambiri anasiya kuyendetsa galimoto kapena sayendetsa kukada. Basi yomaliza ikamanyamuka molawirira gulu limathamangitsidwa ndi wotchi, ndiye zonse ndanena pamwambazi zimagwa. Mukamakambirana ndi a zamabasi muzitikumbukira, makamaka masiku a mkati mwa sabata pamene ife timayenda kwambiri poti njira zimakhala zopanda anthu ambiri.

Nafenso tili ndi mbali yathu ndipo sitikuithawa. Tizinena zoona za thanzi lathu kwa lida, tizibwera ndi nsapato zogwira pansi, chipewa, madzi okwanira, mankhwala a tsiku lonse ngakhale ulendo ndi wa theka la tsiku, ndodo kwa amene zimawathandiza potsika, ndipo lida akati lero tibwerere tizibwerera osakangana naye. Zinyalala zathu tizinyamula, zisa za mbalame zoikira mazira pamchenga tizizilambalala, zomera za pa milu ya mchenga tisaziponde chifukwa ndi zimene zimagwira gombe kuti lisakokoloke. Anthu achikulire ndi amene amadutsa njirazi kawirikawiri kuposa wina aliyense, timaona msanga sitepe ikagwedera, mtengo ukagwera panjira, chikwangwani chikazulidwa, ndiye mutipatse njira yosavuta yokuuzirani ndipo mukalandira uthenga muziyankha kuti tidziwe kuti wafika.

Pomaliza ndikupempha chinthu chimodzi choti muyambe nacho chaka chino. Sankhani njira zitatu kapena zinayi zimene magulu a achikulire amakonda mdera lanu, ina yam'mbali mwa nyanja ina yamtchire, mutumize wogwira ntchito wanu mmodzi adzayende nafe kuyambira poyambira mpaka pothera, ali kumbuyo limodzi ndi wotsekera, kope lili mmanja. Alembe nthawi imene tatenga, awerenge masitepe, aone pamene taima kufuna mthunzi, pamene tagwirana manja potsika, pamene wina wafunsa chimbudzi monong'ona. Zimene alembezo muziike pa chikwangwani chatsopano ndi pa mapu, ndipo mukamakonza bajeti ya njirazo muitane awiri atatu a ife tidzakhale nawo pamsonkhano. Masiku athu oyenda malida athu akudziwa, ndi okonzeka kukupatsani mukangofunsa.

Ine wanu,
Mmodzi wa achikulire oyenda mmagulu